Mvuu ndi Nyakoko

Agogo Zuze anasiya kope la masamu m'sutikesi,
mphemvu zitadya ngodya zake.
Patsamba lomaliza pali manambala awiri aatali
olembedwa ndi pensulo yonyowetsa ndi malovu,
pansi pake: Mvuu. Nyakoko.
Si nyama ayi. Ndi akatapila awiri achikasu
omwe anagula pa okushoni ku Ngabu
chaka chimene thonje linabereka mpaka ziguduli kusowa.

Ine sindinawaone.
Mkokomo wawo ndinaumvera m'kamwa mwa bambo,
amati akaliza Mvuu m'mamawa
makapu ankavina okha pathandala,
ndipo makande, dothi louma mutu lija,
ankatembenuka ngati mwana wodzutsidwa kutulo.

Ndinayambira pa Nchalo, kope m'thumba la malaya.
Makaniko wina, a Jofilisi, chala chimodzi chodukira pakati,
anawerenga nambala kawiri, nkuseka:
"Nyakoko? Ameneyo tinamusenda kalekale.
Ngongole ya dizilo inamudya asanafe agogo ako."
Anandilozera njira ndi sipanala.

Nyakoko ndinamupeza m'zidutswa.
Injini yake ikugaya mapira ku Sorgin,
ikutsokomola, koma ikugaya.
Mwini chigayo anapukuta girisi ndi chala chamanthu
manambala nkutuluka, asanu ndi atatu, onse.
Gudumu lake la mano alipachika pamtengo wa msawu
pasukulu ina kuseri kwa Tengani,
mwana wa sitandade faifi amalimenya ndi bawuti
anzake nkuthamangira m'kalasi.
Matcheni anapita pasikelo ya ogula zitsulo.
Mpando sindikudziwa.

Mvuu anandivuta.
Masiku atatu pakabaza, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati ngongole,
wina akuti Bangula, wina akuti anawolokera ku Mozambiki,
wina akuti fotokoza bwino, wachikasu yense ndi wachikasu.
Ndinawoloka Shire pabwato, nsapato m'manja,
mpaka ku Makhanga, kumene madzi osefukira
anasiya mchenga pamwamba pa minda ndi zitsime.

Kumeneko, kuseri kwa khola,
paipi ya utsi yatulukira mumchenga, yofika m'chiuno,
mbuzi yamawanga itamangidwa pamenepo.
Ndinakumba ndi manja. Chitsulo chinali chotentha.
Utoto wachikasu unatsala pang'ono, kukula ngati chikhatho.

Mayi Nyamazawo anabwera ndi lichero la nyika,
anandiyang'ana ndikukumba pakhomo pawo.
Ndinati, pepani, uyu anali wa agogo anga.
Anakhala kaye chete, akutola timiyala m'lichero.
"Ndiwe wa kwa Zuze?
Chilombo ichi ndinachiona ndili kamtsikana.
Chinazula migwalangwa isanu ndi iwiri ya bambo anga
tsiku limodzi, dzuwa lisanafike pamutu,
ati pakhale munda wa thonje wa munthu wina.
Bambo anangoima, chikwanje m'manja, osachikweza."

M'kopemo mulibe migwalangwa.
Bambo sanaitchulepo.

"Koma chaka cha madzi," anatero mayiwo,
"ine ndi zidzukulu ziwiri tinagona padenga pake usiku wonse,
nyumba zikudutsa, ng'ombe zikudutsa.
Sichinasunthe.
Ndiye kaya ndichitukwane, kaya ndichithokoze,
ndimangomangirirapo mbuzi."

Ndinafuna kufunsa mtengo. Ndalama ndinali nazo,
zosokerera m'kati mwa lamba kuchokera ku Blantyre.
Mawu anakana kutuluka.
Anandipatsa nyika ziwiri zophika ndi madzi a pamjigo.

Nambala ya Mvuu ili pansi, mikono iwiri kapena itatu.
Sindinaifike.
Ndinabwezera mchenga pomwe ndinakumba,
mbuzi inabwerera pamthunzi wake wopyapyala,
ine nkutsegula kope, pensulo ndanyowetsa ndi malovu,
pansi pa dzina la Mvuu ndinalemba:
migwalangwa 7, anthu 3.
Wabwato anali akukuwa kale kudooko
kuti mphepo ikadzuka sawolotsanso munthu.